Mwezi umodzi ku Doha: zomwe ndaona, ndi zomwe simukundifunsa

Choko_wa_Chamama
Akuluakulu nonse a pa gulu lathu la Kasungu, moni. Lero ndakwanitsa mwezi ndi masiku anayi chifikireni kuno ku Doha, m'dziko la Qatar, komwe ndabwera kudzaphunzitsa masamu pa sukulu ina yapulaiveti. Ndiyamba ndi dandaulo, mundikhululukire. Chichokereni kumudzi, mufoni mwanga mwalowa mauthenga oposa 60, ndawerenga dala. Awiri okha ndi amene afunsa kuti ndinayenda bwanji komanso ndikudya chiyani. Ena onsewo ndi "tipezereniko kantchito", "titumizireni ya feteleza", "foni yanu yakale ija musamupatse wina". Ndiye ndati ndifotokoze kamodzi pano, aliyense amve.

Ndinakwera ndege ya Ethiopian pa bwalo la KIA ku Lilongwe, kudzera ku Addis Ababa, nkutera pa bwalo la Hamad kunja kuli mdima. Chitseko cha pabwalo chitangotseguka, magalasi anga anachita nkhungu osaonanso kanthu. Ndinkayesa ndaima kumbuyo kwa injini ya basi, ndinasuntha, koma paliponse chimodzimodzi. Amene munagwirapo ntchito mu balani yowotchera fodya wa fuluu mukudziwa mpweya umene umakumenya ukatsegula chitseko. Ndi umenewo, koma usiku, ndipo ndi dziko lonse.

M'mawa mwake ndinapsa kubafa. Ndinatsegula mpope wa madzi ozizira, madzi ake oti ukhoza kusosolera nkhuku. Mnzanga wa ku Kenya ndi amene anandiuza chinsinsi: matanki ali padenga, dzuwa limawawiritsa tsiku lonse. Nyengo yotentha umazimitsa giza, ndiye madzi amene akhala mu giza m'nyumba yozizira ndi amene amakhala ozizirirapo. Mpope wofiira ndiye wozizira, wabuluu ndiye wotentha. Zinthu zambiri kuno zili choncho, chadodolido.

Kusukulu ndili ndi ana 23 m'kalasi. Ku CDSS komwe ndinali, Fomu 2 inali ndi ana 94, ena atakhala pazenera. Choko sindinachigwirebe, bolodi yake ndi sikirini yolemba ndi chala. Magetsi sanathimepo. Sabata imayamba Lamulungu kutha Lachinayi, ndipo 7 koloko timakhala tayamba kale.

Koma chomwe chikundisowetsa tulo ndi ichi. Kuno kuli zii. Ndimakhala pa fulati yomwe sukulu inandipatsa, nyumba yosanja, ndipo mwezi wonsewu sindikudziwa dzina la amene ndayandikana naye chitseko. Ndinapereka moni mu lifiti, munthu anandiyang'ana ngati ndikufuna ngongole. Ndiye funso langa kwa inu amene munakhalapo kunja: kodi zimenezi zimatha? Kapena munthu umangozolowera kukhala ngati mbuzi yomangidwa pa msipu wabwino?

Chinkhoma_Boy
Kkkkk aphunzitsi, mukudandaula muli mu AC ife kuno magetsi anapita dzulo 4 koloko. Tisinthane.

NaPhiri_Santhe
Achimwene, ine ndili m'gulu la awiri aja, muvomereze pagulu. Mwafika bwino tathokoza Mulungu.

Choko_wa_Chamama
@NaPhiri_Santhe zoona achemwali, inu ndi amayi anga. Basi.

WakuJoni77
Zimatha koma sizitheratu. Ine ndinakhala ku Johannesburg zaka 9. Miyezi itatu yoyamba ndi yowawa, umalota uli pa msika wa pa boma ukugula chiwaya. Ukapeza anzako awiri atatu olankhula nawo Chichewa mtima umakhala pansi. Kungoti ku Joni Amalawi tili mbwee, ukangotuluka panja wamva kale wina akuti "aise". Kwanuko sindikudziwa ngati alipo ambiri.

Mlimi_wa_Wimbe
Tisazungulire. Akukupatsani zingati?

Admin_KU
A Wimbe, funso limenelo ngakhale kwa apongozi safunsa.

Mlimi_wa_Wimbe
Ine fodya wanga akagulitsidwa pa Chinkhoma mtengo wake aliyense amaudziwa, umalembedwa pa belo. Chobisa nchiyani?

Choko_wa_Chamama
Nambala sinditchula bambo, koma sindinama kuti ndi zochepa. Kuno malipiro sadulidwa msonkho ngati PAYE yathu ija, nyumba ndi ya sukulu, tikiti yobwerera kumudzi kamodzi pachaka ili mu kontirakiti. Ndalama yawo, riyal, inamangiriridwa ku dola, 3.64 pa dola imodzi, ndipo yakhala pomwepo zaka zambiri. Kwa munthu amene ndinaona malipiro anga akusungunuka tsiku limodzi mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, chimenecho chokha ndi mankhwala.

Koma poti mwafunsa, imvani mbali inayo. Malipiro kuno amayang'ana pasipoti. Tili mu dipatimenti imodzi ndi mnyamata wa ku England, waphunzitsa zaka zitatu, ine zaka 14. Silabasi imodzi, ya Cambridge IGCSE, mapiriyodi ofanana. Iye amalandira zoposa zanga, ndipo si pang'ono. Mayi wina wa ku India amene amatiposa tonse pa masamu amalandira zochepa kuposa ine. Palibe amene amabisa, amangoti ndi mmene msika ulili. Mnyamatayo ndi munthu wabwino, ndi amene anandiphunzitsa kugwiritsa ntchito sikirini ija, ndiye sungamukwiyire. Umangomeza.

Madala_a_Choko
Mwana wanga, ndawerenga zonse ndipo ndaseka ndekha. Ine ndinapuma ntchito ya uphunzitsi kalekale, ndipo ndinalipo pamene Kamuzu Academy inkatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981. Aphunzitsi ake anali azungu, ambiri ochokera ku Britain, akuphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki pakati pa minda ya fodya. Ife aphunzitsi akuda tinkangodutsa pamsewu nkumasuzumira. Mzungu akabwera kudzaphunzitsa kuno tinkamupatsa dzina laulemu, nyumba yabwino, wophika, wa m'dimba. Palibe ankati wabwera kudzasaka ndalama, chonsecho ambiri ankalandira zoposa zomwe akanalandira kwawo. Lero mwana wa ku Chamama wakwera ndege kukaphunzitsa ana a anthu olemera, ine ndinayesa zinthu zatembenuka. Kani mzungu uja wakutsatira komweko ndipo akulandirabe zambiri. Koma usagwe mphwayi. Ife kusuzumira kokha, iwe walowa m'kalasi.

Choko_wa_Chamama
Zikomo madala. Mawu anuwa ndawawerenga kawiri.

AHedi_Nkhamenya
Ine ndilankhula zosakoma. Aphunzitsi a masamu ndi sayansi m'ma CDSS mwathu ndi owerengeka. Munthu waphunzira ndi misonkho ya alimi omwewa, wapeza luso zaka 14, kenako wanyamuka mwezi wa Ogasiti kusiya ana akulowa Fomu 4. Ana 94 aja mukuwatchula ngati nthabwala, pano akuphunzitsidwa ndi ndani? Ine pasukulu panga masamu a Fomu 3 akuphunzitsa ndi munthu wa Bible Knowledge chifukwa wina anachokanso chonchi. MSCE ikatuluka mudzatinena ife mahedi kuti sitikugwira ntchito.

Chinkhoma_Boy
Ahedi, nsanje.

AHedi_Nkhamenya
Si nsanje mwana iwe. Ukadzakhala ndi mwana mu Fomu 4 udzandimvetsa.

MaiWaAwiri
Ahedi akunena zoona mbali ina, mwana wanga ali pa CDSS ndipo ndikudziwa ululu wake. Koma tifunsenso kuti munthu amene waphunzitsa zaka 14 ali ndi chiyani? Amuna anga ndi aphunzitsi a pulaimale, anatuluka pa Kasungu TTC. Pa 10 mwezi uliwonse malipiro amakhala atatha, zotsala ndi katapila ndi ngongole za pa payslip. Nyumba ya sukulu yodontha, njinga yakapalasa. Ana a eni ake akhoza mayeso, apita ku yunivesite, abwera pa galimoto kudzawapatsa moni "a Sir", nkuwasiyira 5,000 ya fanta. Ulemu ulipo, koma ulemu suphika ndiwo. Atapeza mwayi ngati uwu ine ndikhoza kuwalongedzera ndekha chikwama.

Choko_wa_Chamama
Ahedi, sindikutsutsani. Tsiku lotsanzika mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti "Sir, ndiye ma circle theorem atimalizitsa ndani?" Ndinalibe yankho, ndipo mpaka pano ndilibe. Koma zaka 14 ndinakhala pa giredi imodzimodzi, ndinayenda maulendo osawerengeka kukalondola za promotion, nsapato zinatha. Ana anga atatu nawonso ndi ana a Malawi. Ndinasankha, ndipo ndikudziwa kuti wina walipira chifukwa cha kusankha kwangako.

Ndipo poti a MaiWaAwiri atchula za ulemu, ndikuuzeni za ulemu wa kuno. Ku Chamama ndikamadutsa pa msika anthu ankavula chipewa, pamaliro ankandipatsa mpando kutsogolo pafupi ndi nyakwawa. Kuno mwana wa zaka 12 amabwera pa Land Cruiser ndi dalaivala, kumbuyo kwake mayi wantchito wa ku Philippines atamunyamulira chikwama mpaka pa geti. Ukalowa m'kalasi palibe kuimirira. Ukampatsa mwana 11 pa 20, usanafike ku staffroom imelo ya kholo yafika kale kwa ahedi, ndipo amene akufotokoze ndiwe, osati mwanayo. Sabata yatha kunali msonkhano wa makolo. Ndaima pakhomo la kalasi yanga, tayi ili m'khosi, bambo wina anandifunsa mwaulemu ndithu kuti aphunzitsi a masamu ndingawapeze kuti. Ankayesa ndine mlonda. Nditawauza kuti ndine amene, anapepesa kwambiri, tinacheza bwino, mwana wawo ndi wanzeru. Koma ndinamvetsa chifukwa chake: anthu akuda ambiri amene amawaona tsiku ndi tsiku ndi alonda a ku Kenya ndi ku Uganda. Mlonda wa pa geti pathu ndi wa ku Uganda, ali ndi dipuloma ya uphunzitsi. Amanditcha "mwalimu", ndipo ndi munthu yekhayo amene amandipatsa moni wofunsa ndi kunyumba komwe.

Nesi_ku_Leeds
Zimenezo nzosachita kufunsa achimwene, kuno ku UK wodwala amakufunsa kuti nesi weniweni abwera nthawi yanji, yunifolomu uli nayo pathupi. Malangizo anga ndi awiri. Musamadye nokha tsiku lililonse, ndi poyambira matenda a maganizo. Ndipo miyezi itatu yoyamba musatumize ndalama kwa wina aliyense kupatula akazi anu ndi amayi. Mukayamba ndi mtolo waukulu, anthu amayesa ndi muyezo wake, mwezi umene mudzachepetse mudzakhala mfiti.

Mlimi_wa_Wimbe
Anesi mukuwononga msika wathu kkkk.

Chinkhoma_Boy
Nanga nsima ikupezeka? Ndipo stadium ya Lusail komwe Messi ananyamulira chikho mu 2022 mwakafikako?

Choko_wa_Chamama
Ndakafika panja pake pokha. Sitima ya pansi pa nthaka imakafika konko, 2 riyal ulendo umodzi, ndipo ilibe dalaivala, imayenda yokha. Ndinakhala kutsogolo kwenikweni ngati mwana. Nsima: ufa ndinanyamula 5 kg woyera wa kwa amayi, watsala wa masiku awiri. M'mashopu muli ufa wa ugali wa anzathu a ku Kenya, ndi wokhakhala ngati gramili, koma umagwira. Chosowa ndi ndiwo. Nkhuku yake yofewa ngati buledi. Ndikulakalaka nkhwani wotendera, ngakhale utaka wa pa msika uja wamchenga.

NaPhiri_Santhe
Mfutso tikuyanikirani, ndi nsinjiro. Akapezeka wobwera adzanyamula.

WakuJoni77
Mfutso pa airport ya Aluya? Adzayesa chamba achemwali, munthu adzamangidwa ulele kkkk.

NaPhiri_Santhe
Inu a ku Joni zanu ndi zomwezo. Masamba a nyemba ndi chamba zikufanana pati?

WakuJoni77
Kwa inu sizifanana. Kwa wapolisi amene sanaonepo khwanya?

Ndugu_wa_paBoma
Ndikufuna kukonza pang'ono, chifukwa ena ayamba kale "Aluya, Aluya" ngati ndi anthu oipa onse. Aphunzitsi anena okha kuti bambo uja anapepesa. Komanso amene sakukuyankhani moni mu lifiti mwina si Mqatari nkomwe. Eni dziko kumeneko ndi ochepa, pa anthu 10 aliwonse mwina mmodzi yekha, ena onse ndi obwera ngati inu nomwe: a ku India, Nepal, Bangladesh, Philippines, Egypt. Aliyense watopa, aliyense akuwerenga masiku ndi ndalama zotumiza kwawo. Yesani "Assalam alaikum", Msilamu aliyense ayenera kuyankha. Ndipo Ramadan ikafika mudzaona nokha, madzulo chakudya chimagawidwa kwa aliyense osafunsa chipembedzo. Ingokumbukirani kuti masana a mwezi umenewo osadya kapena kumwa pagulu.

Choko_wa_Chamama
Mwanena zoona akulu, ndipo ndikuvomera kuti mwezi wonsewu Mqatari amene ndalankhula naye kupitirira mphindi zisanu ndi makolo a ana basi. Chinanso chondidabwitsa: dziko lonseli ndi pafupifupi masikweya kilomita 11,500. Boma lathu la Kasungu ndi 7,878. Ndiye tangoganizani Kasungu ndi theka lake, wopanda Bua, wopanda Dwangwa, wopanda mtsinje ngakhale umodzi, madzi akumwa amachita kusefa a m'nyanja yamchere. Chuma chambiri ndi gasi wa pansi pa nyanja. Ife tili ndi dothi loti ukataya njere ya dzungu kuseri kwa bafa imabereka, iwo udzu wa m'mbali mwa msewu uliwonse uli ndi kapaipi kake. Ndikayang'ana kapaipi kameneko ndimaganiza za dambo la kwathu lomwe limangokhala chilimwe chonse.

Mlimi_wa_Wimbe
Apatseni dambo atipatse gasi.

Mtsikana_wa_Chulu
Pepani ndalowerera nkhani ya akuluakulu. Ine ndili ndi MSCE, ndipo pali bambo ena ku Lilongwe akuti akhoza kundipezera ntchito ya mu hotela ku Qatar komweko ndikapereka 900,000 ya viza ndi mapepala. Akuti ndipereke sabata ino malo asanathe. Aphunzitsi, zimakhala zoona?

Nesi_ku_Leeds
Usapereke. Ndabwereza, usapereke.

Choko_wa_Chamama
Mchemwali wanga, khala pansi umve. Ine sindinalipire munthu aliyense kuti andipezere ntchito. Ndinafunsira pa intaneti, anandiyesa pa vidiyo kawiri, kachiwiriko ndinaphunzitsa phunziro la mphindi 20 ndili mu ofesi ya mnzanga pa boma chifukwa kwathu netiweki imavuta. Kontirakiti inabwera ndisananyamuke, viza ndi tikiti analipira ndi sukulu. Zanga zinali zotsimikizitsa masatifiketi ndi kalata ya kupolisi. Lamulo la kuno limati ndalama zolembera munthu ntchito alipire ndi bwana, ndipo bwana saloledwa kukulanda pasipoti. Yanga ili m'chikwama muno. Ukafika amakuyeza magazi ndi chifuwa, ukapezeka bwino ndi pamene umalandira chiphaso chokhalira, QID.

Dziwanso kuti malipiro otsikitsitsa mwalamulo, kuyambira 2021, ndi 1,000 riyal pamwezi, kuwonjezapo 500 ya nyumba ndi 300 ya chakudya ngati bwana sakupereka zimenezo. 1,000 riyal ndi madola pafupifupi 275. Ambiri a ntchito zotsika amalandira zomwezo kapena kuposera pang'ono, ndipo amagona angapo m'chipinda chimodzi kunja kwa tauni. Ndimawaona m'mabasi oyera m'mawa ndikamapita kusukulu, atatsamira mazenera ali mtulo. Doha wa pa Facebook ndi wina, wa m'basi imeneyo ndi winanso. Afunse bambo akowo dzina la hotela, kontirakiti yolembedwa, ndi chilolezo chawo cha ku unduna wa zantchito. Akayamba kukwiya, wadziwa kale yankho.

MaiWaAwiri
Ndipo "malo asanathe" ndi nyimbo ya akuba onse. Mwaiwala atsikana athu amene anavutika ku Oman aja? Anauzidwa za ntchito zabwino, nkukapezeka ali akapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa, mpaka boma kuchita kulowererapo kuti abwere. Wa kwathu kuno mmodzi anabwera ali mafupa okhaokha, mpaka lero salankhula za kumeneko.

Mtsikana_wa_Chulu
Zikomo. Ndinali nditagulitsa kale soya wa amayi matumba anayi. Ndalama ndikadali nayo.

Admin_KU
Isunge. Ndipo nambala ya bambo ameneyo unditumizire kumbali, osaiponya pagulu.

Mkhristu_Weniweni
Ine nkhawa yanga ndi ya moyo wauzimu. Ngati Lamulungu mukugwira ntchito, mukupemphera liti? Ndalama zisakutayitseni chipulumutso achimwene.

Choko_wa_Chamama
Tchalitchi kuno ndi Lachisanu. Matchalitchi onse anawaika malo amodzi otchingidwa ndi mpanda ku Mesaimeer, kunja kulibe mtanda kapena belu, pa geti pali apolisi oyang'ana zikwama. Koma mukati anthu ndi nyerere, mapemphero akusinthana zinenero tsiku lonse. Ndinapita ndi mlonda wa ku Uganda uja. Atayamba nyimbo ina yomwe chuni chake ndi chomwe timaimba ku CCAP kwathu, ine ndinaimba m'Chichewa ndekha pakati pa anthu oimba Chingerezi, misozi ili chuchuchu. Bambo wamkulu, wa ana atatu. Musakauze ana a sukulu.

Chinkhoma_Boy
Tajambula kale screenshot Sir.

WakuJoni77
Nanga kamodzi kozizira pa weekend?

Choko_wa_Chamama
Kulibe bottle store pakona ngati kwathu. Mowa ndi wa m'mahotela akuluakulu, mtengo wake ukhoza kugula nkhuku ziwiri, apo ayi ukhale ndi chilolezo chogulira ku shopu yake yapadera. Ukapezeka utaledzera pamsewu ndi mlandu. Ine ndasanduka wa tiyi. Pali tiyi wina wamkaka wothira zonunkhira amati karak, 1 riyal kakapu, amagulitsa anyamata a ku India m'timashopu. Ndi chinthu chokhacho chotchipa chomwe chimandikumbutsa tiyirumu ya pa Chamama, kungoti palibe benchi yokhalapo nkumakamba za mpira. Anthu amaimba hutala ali m'galimoto, mnyamata nkuthamangira ndi kapu.

AHedi_Nkhamenya
Ndabweranso. Mawu anga aja sindikubweza, koma ndili ndi pempho. Poti intaneti kumeneko ndi yamphamvu ndipo Lachisanu ndi Loweruka muli pa tchuthi, bwanji muzijambula timaphunziro tifupitifupi ta masamu a Fomu 3 ndi 4, m'Chichewa mosakaniza, tizigawana pa WhatsApp? Bandulo ya ana ndi yochepa, ndiye tisapitirire mphindi zisanu. Yambani ndi ma circle theorem a mtsikana uja.

Choko_wa_Chamama
Ahedi mwandigwira pakhosi. Sindilonjeza sabata iliyonse, ntchito ya kuno ndi yolemba malipoti kuposa kuphunzitsa, phunziro lililonse amafuna pulani yake pa kompyuta. Koma Loweruka likubwerali ndiyesa kamodzi. Munditumizire mapepala a MANEB a zaka ziwiri zapitazi, anga ndinasiyira amene anatenga kalasi yanga.

AHedi_Nkhamenya
Mawa ndijambula ndi foni ya a deputy, yanga kamera inasweka.

Madala_a_Choko
Funso lako loyamba lija anthu alithawa, ati kuthamangira ndalama ndi mfutso. Ine kunja sindinakhaleko, koma posting yanga yoyamba ananditumiza ku Chitipa, mwana wa ku Kasungu wosadziwa Chilambya ngakhale liwu limodzi, kalata yopita kwathu inkatenga masabata atatu. Teremu yoyamba ndinkawerenga malata a denga usiku. Chimene chinandichiritsa ndi mayi wina wogulitsa nthochi amene ndinkamugula tsiku lililonse, ngakhale nthochi ndisakuzifuna. Iwe wako wampeza kale, ndi mlonda uja. Umuitane adzadye nsima ufa wa amayi ako usanathe.

NaPhiri_Santhe
Ndiye lero mwadya chiyani achimwene?

Choko_wa_Chamama
Mpunga ndi mazira achemwali, ufa ndikusungira Lachisanu monga anenera madala. Kuno yakwana 11 koloko, kwanuko ndi 10. Mzikiti wa pafupi umandidzutsa cha m'ma 4, ndipo ndili ndi makope 23 oti ndichonge pa laputopu. Wina amene akupita ku Chamama sabata ino akaone amayi, akuti bondo layambanso koma ine akundibisira.

Mlimi_wa_Wimbe
Ndidutsako Lachitatu pokagula mbewu.

Chinkhoma_Boy
Sir musanagone, CV ija nditumize pompano kapena ku inbox?